Apa Pondani, Apa Ayi

Chiwachingamireni ku bwalo la ndege, Reinford anali asanawaone apongozi ake kumaso bwinobwino. Msana wawo ankaudziwa, duku lawo labuluu ankalidziwa, ngakhale kakhosomoledwe kawo ka m'mawa ankakadziwa, koma mukanamufunsa ngati mayi Nangozo ali ndi mpata kumano, akanangokanda mutu. Kwawo kwa mkazi wake Joyce, ku Ntcheu, mkamwini ndi apongozi sayang'anana, sadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Ndi mwambo wabwino ndithu kumene kuli tchire. Koma fulati ya ku Croydon inali ya zipinda ziwiri, bafa limodzi ndi kanjira kopapatiza koti anthu awiri sangadutsane osagundana mapewa. Tchire lokhalo limene Reinford akanathawirako linali kabati ya majekete, ndipo tsiku lina analowamodi.

Munthu wamkulu, akauntanti wovala tayi, ankakhala m'nyumba yakeyake ngati khoswe. M'mawa ankatchera khutu pachitseko kuti amve ngati apongozi atuluka m'bafa. Madzulo ankachedwa dala kuntchito, n'kudzadya chiimirire kukhitchini. Akalowa pabalaza, apongozi ankatembenukira kukhoma. Akalowa apongozi, iye ankadzambatuka ngati wina wamuitana panja. Mawu onse ankadzera mwa Joyce, ngakhale olankhulanawo atatalikirana mikono iwiri yokha. Ndipo popeza mwana wawo wakhanda, Chiye, ankakhalira kumsana kwa agogo ake, Reinford ankamunyamula kuchipinda kokha, chitseko chili chotseka. Kumeneko ndiye ankamuimbira, kumuseketsa, kumununkhiza paliwombo mpaka Joyce kumukalipira kuti mwanayo agone.

Mayi Nangozo anabwera kudzasambitsa mwanayo, ndipo ntchito yawo anaigwira bwino. Tsopano Chiye anali atayamba kukhala pansi yekha, chilimwe cha 1998 chinali kutha, ndipo agogo ankafuna kubwerera kumudzi kuti akamange chiliza cha amuna awo mvula isanagwe. Joyce nayenso amayenera kubwerera kusukulu yake ya unamwino, yokhala ndi mashifiti a usiku. Choncho mayi ndi mwana wake anagwirizana, monga amachitira amayi ndi ana awo aakazi popanda kuitanitsa msonkhano, kuti Chiye apita ndi agogo ku Ntcheu mpaka Joyce atamaliza sukulu. Amalawi ambiri a mu London ankatero ndithu. Koma Reinford nkhaniyi inkamuwawa kwambiri. Mwana wochoka akungophunzira kukhala akanadzabwera akuthamanga, akumutcha bambo wake womubala kuti ankolo.

"Auze amayi akhaleko pang'ono," anamuuza Joyce kuchipinda, monong'ona ngati mbala. "Ofesi ya maviza ili pompano. Tikhoza kupempha extension."

"Ndinawauza kale. Akuti sanamve chilichonse kuchokera kwa eni nyumba."

"Eni nyumbawo si ine? Ndikuwauza kudzera mwa iweyo."

"Reinford, ine ndatopa. Ine si switchboard. Pakamwa uli napo, ukawauze wekha."

Nzeru yokacheza ku nyumba yakale anaipereka Wilbroad, mnzake wa kuntchito wochokera ku Chipata. "Mudala, bapeleke ku ma castle," anatero. "Bakaona vintu va bazungu mutima uzankala soft, elo ukambe nabo bwino bwino." Wilbroad ameneyu anali asanakwatirepo, apongozi ankangowamvera kwa anzake, koma munthu akapanikizika amamvera aliyense. Reinford anasankha nyumba ina ya mabwana akale, kumapeto kwenikweni kwa London, kumene basi imathera ndipo munthu amayamba kuona akavalo. Anakonza zoti apite onse Loweruka, Joyce akhale pakati monga mwa masiku onse.

Loweruka litafika, Joyce anawaperekeza mpaka pakhomo atavala masilipasi.

"Mkaka uli m'botolo, matewera ali m'chikwama. Ine ndili ndi assignment, bambo a Chiye. Muyende bwino."

Anatseka chitseko. Reinford anaimirira pakhomo pa nyumba yake, apongozi ali chauko akuyang'ana khoma la anansi. Akanakhala ndi mphamvu akanalira.

Misewu ya Croydon inali yokumbidwakumbidwa chaka chimenecho chifukwa ankayala njanji, ndipo basi inkayenda mozemba maenje. Reinford anakhala kutsogolo atagwira chikuku cha mwana, chimene anagula ndi mtima wake wonse koma chinkangonyamula zikwama, poti agogo ankati mwana wa munthu sakankhidwa ngati thumba la chimanga. Mayi Nangozo anakhala kumbuyo kwenikweni. Pofika potsikira panafunika kulankhulana, ndipo popeza Joyce kunalibe, udindo wonse unagwera khanda lopanda ndi dzino lomwe.

"Chiye," anaitana Reinford akuyang'ana padenga la basi, "auze agogo kuti tikutsika pano."

"Chiye," anayankha mawu kuchokera kumbuyo, "auze bambo ako kuti ndamva."

Chiye ankayamwa ngodya ya chitenje. Azungu a m'basimo anayang'ana m'manyuzipepala awo mwakhama.

Nyumbayo inalidi nyumba. Njerwa zofiira, mawindo osawerengeka, machumuni ochuluka ngati kuti chipinda chilichonse chinkaphika chake, ndi kapinga wometedwa bwino kuposa mutu wa Reinford. Iye anaima monyadira ngati anamanga ndi iyeyo, kudikira kuti apongozi adabwe. Apongozi anayang'ana mawindo onsewo, kenaka machumuni opanda utsiwo.

"Chiye, afunse bambo ako. Eni ake tawapeza?"

"Auze agogo kuti eni ake anamwalira kalekale."

"Nanga zidzukulu?"

"Zinasamuka. Pano sipakhala munthu, anthu amangobwera kudzaona."

"Ndiye tikulowa m'nyumba yamasiye, popanda odi, ndi kulipira komwe?" Anadzuma. "Chabwino, Chiye. Tiyeni tikaone zimene bambo ako atikonzera."

M'katimo munali zingwe zofiira ndi timivi tolozera njira imodzi yokha. Ukalowa sungabwerere, uyenera kudutsa chipinda chilichonse mpaka ukatulukire kwina. Amene anakonza njirayo sanaganizepo za mkamwini ndi apongozi. Pabalaza zinayenda bwino: Reinford anali patsogolo, mayi Nangozo kumbuyo, pakati pawo pali azungu okwanira. Pa zithunzi za mabwana ovala tsitsi lopotana agogo anangouza Chiye kuti anthu amenewa akuoneka kuti sankaseka. Vuto linayamba pakhomo pa chipinda chogona, pamene panaonekera bedi lalikulu lokhala ndi nsanamira ndi makatani. Mayi Nangozo anaima nji. Kuchipinda kwa eni, mkamwini ali pomwepo, onse n'kumayang'ana bedi limodzi? Kumbuyo kwawo anthu anayamba kuunjikana, akukhosomola mwaulemu monga amachitira Angerezi akakwiya.

"Chiye, auze agogo kuti njira ina palibe."

"Chiye, auze bambo ako kuti ayang'ane kumwamba."

Reinford anayang'ana kudenga, limene linajambulidwa angelo osavala, ndipo anabweza maso msangamsanga n'kuyang'ana nsapato zake. Apongozi anadutsa m'chipindamo atadziphimba kumaso ndi dzanja, nagunda chingwe, kachitsulo kochigwirizira kanagwa n'kulira nyumba yonse. Mlonda anabwera akuthamanga. Reinford anapepesa, thukuta lili kamukamu m'khosi, mumtima akutukwana Wilbroad ndi fuko lake lonse.

Kenaka panali masitepe a antchito, opapatiza ndi okhotakhota. Mkamwini sangakwere n'kukhala pamwamba pa mutu wa apongozi, nawonso apongozi sangatsogole mkamwini ali m'munsi kumawaona miyendo. Anaima pansi pa masitepewo aliyense akudikira mnzake, mpaka banja lina la amwenye, makolo ndi ana ndi agogo awo, linalowa pakati n'kuwalekanitsa. Reinford akanatha kuwagwira chanza mmodzimmodzi.

Pamwamba penipeni, pansi pa denga, panali chipinda cha ana. Munali kabedi kogwedeza, kavalo wamtengo ndi tizovala toyera. Apa Reinford anaona kuti nthawi yakwana. Mawu anali atawakonza sabata yonse: kuti mwana amafunika kukula akuona makolo ake, kuti agogo akakhalako mpaka Khirisimasi zinthu zikhala bwino. Anakonza kukhosi. Koma bambo wina wofotokozera alendo, wa ndevu zoyera ndi mawu okoma, anayamba iyeyo. Anati ana a m'nyumba imeneyi sankaleredwa ndi makolo awo. Ankakhala kumwamba kuno ndi mlezi, ankatsitsidwa madzulo kuti akapereke moni kwa mayi ndi bambo, ndipo akangosinkhukirako ankatumizidwa kusukulu zogonera komweko.

"Chiye, akuti chiyani abambowa?"

"Auze agogo kuti akuti ana ankagona muno."

"Ayi, anena zambiri. Ndamva nane mwina ndi mwina. Ine Chizungu ndinachiyambako ku mishoni."

Reinford anamasulira zonse. Mayi Nangozo anagwedeza mutu mokhutira, nasisita kaphazi ka mwana kamene kanatulukira m'chitenje.

"Wamva, Chiye? Ngakhale eni dziko, ndi chuma chonsechi, ankapereka ana kwa olera. Si zachilendo ayi. Ukakula bwino ku Ntcheu."

Munthu analipira basi, analipira pakhomo, anapepesa kwa mlonda, zonsezi kuti mzungu wa ndevu akawathandize apongozi kumulanda mwana. Reinford anatsika masitepe mtima ukutentha.

Atangotuluka panja, mvula inayamba, yopyapyala ija ya ku England yosadziwika ngati ikugwa kapena ikungoyendayenda. Kuseri kwa dimba la maluwa kunali kachipata, ndipo kupitirira kachipatako kunali tchalitchi chakale chamiyala, chimene banja la m'nyumbayo linkapempherako. Anathamangira komweko. Reinford anasiya chikuku pakhonde la tchalitchi, nakankha chitseko cholemera.

Kwa nthawi yoyamba tsiku lonselo, mayi Nangozo anasangalala. Tchalitchi ankachidziwa, anali mayi wa Mvano kuyambira Joyce asanabadwe. Anayenda pakati pa mabenchi mpaka pakatikati, akuyang'ana mawindo a magalasi amitundumitundu, nayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Munkanunkhira miyala yonyowa ndi maluwa, chifukwa kutsogolo mayi wina wachizungu wa imvi ankakonza maluwa a Lamulungu. Reinford anaona mapewa a apongozi atamasuka, ndipo anadziuza kuti akapanda kulankhula muno sadzalankhulanso. Anasendera pafupi kuposa kale lonse.

"Chiye, auze agogo kuti ndili ndi mawu."

Koma agogo anali atasiya kuimba. Ankayang'ana pansi. Pansipo panali miyala ikuluikulu yakuda, yosalala chifukwa cha mapazi a anthu, ndipo mwala uliwonse unali ndi zilembo.

"Chiye, afunse bambo ako. Zalembedwa apazi n'chiyani? Ndikuona dzina ndi zaka."

Reinford anawerenga mwalawo. Ankadziwa bwino lomwe. Zaka zonse zimene anakhala ku England anali atayenda pamiyala yotereyi osaganizako n'komwe, ndipo lero lokha limene amayenera kukumbuka ndi limene anaiwala.

"Auze agogo kuti ndi mayina a anthu amene anathandiza kumanga tchalitchi."

Bodza limeneli likanagwira ntchito pakanapanda mayi wa maluwa uja. Ataona mlendo akuloza pansi, anabwera akumwetulira, lumo lili m'manja, wokondwa kuti wina wachita chidwi. Anafotokoza kuti apo pagona mayi wa m'nyumba yaikulu ija, ndipo pambali pake pagona ana ake amene anafa ali aang'ono. Poona kuti mlendoyo sakuyankha, anathandizira ndi manja: analoza pansi pa mapazi a mayi Nangozo, anatsamiritsa tsaya pa zikhatho ngati wogona, kenaka anaonetsa msinkhu wa tiana, kena kofika m'bondo, kena kocheperapo. Panalibenso chomasulira.

Mayi Nangozo anauma pomwepo, phazi lina lili pa dzina la mayiyo, lina pa la mwana wake.

"Bambo a Chiye."

Sanadzere mwa khanda. Reinford anadzutsa mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba anawaona apongozi ake kumaso. Mpata kumano analidi nawo. Maso anali a Joyce, amenenso anali a Chiye, koma tsopano anali odzaza mantha ndi ukali.

"Mwatilowetsa kumanda ndi khanda."

"Amayi, kuno ndi mmene amachitira, anthu olemekezeka amawaika m'tchalitchi momwemo..."

"Ndakufunsani za kuno? Mwana wosamera mano amapita kumanda? Ndipo si kupita kokha, ndamuimika pamutu pa ana anzake!" Anayamba kumasula mfundo ya chitenje. "Tengani mwana. Atuluke msanga. Ndipo musaponde munthu."

Anamupatsira m'manja. Masiku onse ankamuika pampando kuti bambo adzatole okha, koma lero zala zawo zinakhudzana, ndipo palibe anapatukira kutchire.

Reinford anayang'ana kukhomo. Kuchokera pamene anaima mpaka kuchitseko, njira yonse inali mayina okhaokha. Akanatha kunena kuti polowa anali atawaponda kale onsewo. Akanatha kunena kuti anthuwo anasanduka fumbi kalekale, kuti iye ndi Mkhristu ndiponso wophunzira. Koma Chiye atamugwira tayi ndi kadzanja kake, n'kumuyang'ana, maphunziro onse anathawa. Nayenso anaona kuti pansipo pakuzizira mwachilendo, ndipo sanafune kuti mwana wake akhalepo mphindi ina. Anavula nsapato, nakwera pa benchi.

Mabenchi a tchalitchi chimenecho anali ndi misana yaitali, ndipo kuti afike kukhomo amayenera kudumpha msana uliwonse, mwendo umodzi kenaka unzake, khanda lili pachifuwa. Masokosi ankaterera pathabwa lopukutidwa. Mabuku a nyimbo ankagwa.

"Excuse me! Sir! Sir!" anafuula mayi wa maluwa.

"Pepani mayi, tikungodutsa," anayankha Reinford m'Chichewa, osazindikira.

Ali pakati pa ulendo, buluku la suti yake yabwino linang'ambika kumbuyo, ndipo tchalitchi chamiyala chimakuza phokoso lililonse. Sanatembenuke. Pa benchi yomaliza anapuma, nadumphira pa chopondera cha pakhomo, n'kutulukira pakhonde. Anamuika Chiye m'chikuku, ndipo mwanayo, amene sanakhalepo m'chinthu chimenecho chibadwire, anayamba kulira ngati wamenyedwa. Manda ena ambirimbiri anali kuseri kwa tchalitchi, mitu ya ziliza ikusuzumira pamwamba pa mpanda wa mitengo, ndipo Reinford anatembenuza chikuku kuti chiyang'ane kudimba asanabwerere m'kati.

Apongozi anali pomwe paja, sanasunthe ngakhale chala. Pa benchi sakanakwera, mawondo anali atatha. Reinford anayang'anitsitsa pansi, naona kuti m'mphepete mwa mabenchi munali kamzere ka njerwa zing'onozing'ono zopanda zilembo, kotambalala ngati phazi limodzi, kodukaduka malo ena. Anayenda pa kamzereko mpaka anawafika. Anazengereza pang'ono, kenaka anatambasula dzanja. Mayi Nangozo analiyang'ana dzanjalo, navula nsapato zawo, n'kuligwira. Chikhatho chawo chinali cholimba, cha khasu.

"Apa pondani, amayi. Apa ayi. Tambasulani mwendo, pondani apo."

"Pepani, eni kuno," ankanong'ona mayi Nangozo pa mwala uliwonse. "Sitinadziwe. Ndife alendo."

Mayi wa maluwa anali atasiya kufuula. Kaya anamvetsa kaya ayi, koma atawaona akuyandikira anachotsa ndowa yake panjira, naima pambali lumo lili m'manja mpaka anatuluka.

Munthu wochokera kumanda salowa m'basi asanasambe, choncho anafunafuna madzi mpaka anapeza mpopi wa anthu a m'dimba, kukhoma lakuseri pafupi ndi mawilibala. Mvula inali itakata. Anasamba m'manja ndi m'mapazi, ndipo agogo anamutsuka Chiye timapazi take, ngakhale mwanayo sanaponde kalikonse chibadwire. Kenaka anaweramuka, nayang'ana mkamwini wawo m'maso, ndipo mawu onse amene anasunga miyezi yonseyo anatulukira pamodzi. Anamufunsa ngati kwawo kulibe akuluakulu. Anamufunsa ngati sukulu imachotsa nzeru. Anamukumbutsa za bedi la eni ndi za bodza la omanga tchalitchi, lonenedwa m'nyumba ya Mulungu momwemo.

"Ndiye ndimusiye mwana kuno?" anamaliza. "M'dziko loyenda pamitu pa akufa, ndi bambo woti sadziwa kusiyanitsa tchalitchi ndi manda?"

Apa Reinford zinamukwana. Anali wopanda nsapato, masokosi onyowa ali m'manja, mphepo ikulowa pong'ambika paja, ndipo ulemu unamuthera.

"Mwanayu ndi wanga, amayi! Sindikufuna apite. Ndikufuna ndizimuona m'mawa, ndikufuna ndidzamuone akuyamba kuyenda. Ndakubweretsani kuno kuti ndikupempheni mukhaleko, basi. Tsiku lonse ndakhala ndikufuna kunena zimenezi, koma ndizinena bwanji kwa munthu amene ndimangomuona msana? M'nyumba yanga ndimadya chiimirire. Ndinalowapo m'kabati kuti inuyo mudutse!"

Mayi Nangozo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"M'kabati ya majekete ija?"

"Yomweyo."

"Ndinkadabwa kuti nsapato zikuyenda zokha." Sanaseke, koma pakamwa panagwedezeka. Anakhala pa wilibala yovundikira, mwana ali pamiyendo. "Bambo a Chiye, ine chibwerereni sindinakuoneni mutanyamula mwanayu. Mumachoka asanadzuke, mumabwera atagona. Ndikalowa naye pabalaza inu mumatuluka. Ndinkati mukuthawa kulira kwake."

"Ndimathawa inuyo, amayi. Ulemu."

"Ulemu ndinauona, ndipo ndinauyamikira. Koma ine ndinkafuna kuona bambo. Joyce ankandiuza kuti mumamukonda, nanga mkazi angalephere kuikira kumbuyo mwamuna wake? Ndinati mwana ameneyu mayi akakhala kuchipatala usiku adzalira yekha mpaka kusasa mawu. Bola ndimutenge."

Reinford anafinya masokosi onyowa aja m'manja. Miyezi yonse ija yobisala, akudziona ngati mkamwini wamakhalidwe kuposa onse mu London, anali akudzichitira umboni womulanda mwana. Anachita manyazi, ndipo anapsanso mtima, osadziwa kuti apsere ndani.

"Ndiye mukhalako, amayi?"

"Ayi."

Anayankha mosazengereza, akuyang'ana kutchalitchi.

"Mayina aja mwawaona? Ena afufutika, mapazi a anthu awadya. Koma iwo analembedwako. Amuna anga agona pansi pa mulu wa dothi wopanda ndi dzina lomwe. Mvula ya chaka chino ikawapezanso chomwecho, ana a Chiye sadzadziwa pamene agogo awo agona. Ndipita, ndipo musandipemphenso."

Reinford anayang'ana mwana wake, amene ankayesetsa kudya chingwe cha chikwama. Anagwedeza mutu movomereza.

"Koma mwana sinditenga," anatero mayi Nangozo. "Munthu wong'amba buluku pa mabenchi a azungu chifukwa cha khanda, ine ndimulande khandalo? Ndikayankha chiyani kwa Mulungu?"

Reinford anafuna kugwada pamatope pomwepo. Kenaka mutu wa akauntanti unayamba kugwira ntchito.

"Nanga Joyce akakhala ku night shift? Ine ndimaweruka mochedwa, ndiye palinso makalasi anga a madzulo..."

"Zimenezo muona nokha. Mwati mwana ndi wanu." Anaimirira, nakutumula chitenje. "Msana muli nawo. Weramani."

"Pano, amayi?"

"Mukufuna tikayambire kuti? Masiku anga kuno atsala ochepa, ndipo inu simudziwa kalikonse. Weramani, ndanena. Komanso kumbuyoko kukufunika kuphimba."

Pafupi pomwepo panali chipinda chomwera tiyi, cha mawindo aakulu, ndipo azungu onse amene anathawa mvula anali m'menemo, makapu ali m'manja. Reinford anawerama. Anamva kulemera kofunda kwa mwana pamsana pake, timiyendo tikumukumbatira m'nthiti. Chitenje chinadutsa pamwamba pa jekete la suti, apongozi anachikoka mwamphamvu mpaka mpweya unamuthawa, namuonetsa pomanga mfundo. Yoyamba inamasuka. Yachiwiri anati ndi mfundo yomangira mbuzi. Yachitatu anaiyesa ndi chala, nati ingakhaleko.

Ananyamuka kupita kokwerera basi, Reinford akukankha chikuku chodzaza zikwama, Chiye atatsamira pakati pa mapewa ake, akumukoka khutu. Mayi Nangozo sanatsalire kumbuyo. Ankayenda pambali pake, akumudzudzula njira yonse: akuyenda mofulumira kwambiri, akuwerama ngati wasenza thumba, asamadzidzimuke akamva mwana akusuntha. Reinford ankangoti inde amayi, inde amayi, akudzifunsa ngati sanali bwinoko m'kabati muja. Koma dzanja lake lina linali kumbuyo, litachirikiza mwana, ndipo silinachokepo.

Ali pafupi kufika, anamva chinthu chofunda chikuyenderera kumsana, kudutsa jekete ndi malaya omwe. Agogo sankakhulupirira matewera ogula otaya, ankamuveka mwana ansalu. Anaima, osadziwa chochita. Mayi Nangozo anaona banga likukula pa chitenje.

"Chiye, auze bambo ako kuti..."

Analekeza pomwepo. Anatembenuka, namuyang'ana mkamwini wawo kumaso.

"Thewera lili m'chikwamamo, bambo. Musintheni ndione."